Ngongole yasamuka, koma yafika pa dzina la ndani?

Asisi, lero tikambe za ndalama. Nkhaniyi ndi ya inu amene muli ku UK, komanso inu amene muli kuno koma mwezi ukatha mumadikira kameseji kochokera kwa chemwali wanu ali ku Leeds, ku Luton kapena ku Glasgow. Kuyambira mu 2022, pomwe boma la UK linalola kuti osamalira okalamba ndi odwala azilowa pa viza ya ntchito zaumoyo, atsikana ochuluka ndithu ochokera ku Zimbabwe, ku Zambia ndi kwathu kuno anakwera ndege. Munthu akakhalako chaka chimodzi kapena ziwiri, malipiro akulowa mwezi ndi mwezi, lendi akulipira bwinobwino, mabanki amayamba kumudziwa. Amamupatsa kirediti khadi, khadi logulira zinthu pa ngongole. Khadi lija likadzaza, pa foni pamayamba kubwera zokopa zina: bweretsani ngongole yanu kwa ife, chiwongoladzanja 0% kwa miyezi yakutiyakuti. Chimenecho ndiye amachitcha balance transfer, kusamutsa ngongole kuchoka pa khadi lina kupita pa lina.

Maganizo anga ndiwanena pachiyambi pomwe. Kusamutsa ngongole si chinyengo, ndipo kwa mkazi amene wawerengera bwino kumapulumutsa mapaundi ambiri. Koma kumathandiza pokhapokha ngongoleyo ili yanu, ndipo khadi lakale lija mwalisiya kuligwiritsa ntchito. Chimodzi mwa ziwirizi chikasowa, mwangodziwonjezera katundu pamutu.

Tiyambe ndi masamu, chifukwa otsatsa malonda amalemba 0% ndi zilembo zikuluzikulu, zotsalazo n'kuzibisa pansi m'tizilembo tofunika magalasi. Tiyerekeze kuti muli ndi ngongole ya £3,000 pa khadi lomwe chiwongoladzanja chake ndi 24.9% pa chaka, zomwe si zachilendo kumeneko. Ndiye kuti mwezi uliwonse pafupifupi £56 imapita ku chiwongoladzanja chokha. Mukalipira £100, ngongole imatsika ndi £44 basi. N'chifukwa chake munthu amadabwa kuti ndakhala ndikulipira chaka chonse, bwanji sikusuntha? Banki yachiwiri ikakulandirani, imalipira khadi lanu lakale, ngongole n'kukhala kwa iyo, ndipo kwa miyezi yomwe mwagwirizana simulipira chiwongoladzanja. Paundi iliyonse yomwe mwapereka ikudula ngongole yeniyeniyo. Apa palibe chodandaulitsa.

Koma banki si mpingo. Pa tsiku losamutsa lomwelo imadula ndalama yosamutsira, kawirikawiri pakati pa 2% ndi 4% ya zomwe mwasamutsa. Ndalamayi simuipereka pamanja, imangowonjezedwa pa ngongole. Makhadi omwe amapereka miyezi yambiri ya 0% ndi omwenso nthawi zambiri amadula yochuluka. Alipo ena osadula kanthu, koma miyezi yake imakhala yochepa. Ngati mukudziwa kuti mumaliza m'miyezi 10, kuthamangira khadi la miyezi 30 ndi kulipirira nthawi yomwe simuifuna.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pomwe ambiri amadzidzimuka: malire a ngongole, limiti ija, mumaidziwa banki itakuvomerani kale. Inu mumafuna kusamutsa £3,000, iwo akupatsani khadi la £2,500. Komanso salola kudzaza khadi lonse, ambiri amalekeza pa 90% kapena 95% ya limiti, ndipo ena amawerengera ndalama yosamutsira ija m'kati momwemo. Pa 95% ya £2,500 ndi £2,375. Choncho mungasamutse pafupifupi £2,300, banki n'kuwonjezapo £69 ya 3%, pa khadi latsopano pakhala £2,369. £700 yatsala pa khadi lakale, ikubereka chiwongoladzanja chake cha pafupifupi £13 pa mwezi ngati kale. Werengani bwino: dzulo ngongole inali £3,000 pa khadi limodzi, lero ndi £3,069 pa makhadi awiri, masiku olipirira awiri. Mwapindula ndithu, chifukwa £69 ija mumaibweza m'miyezi iwiri yokha ya chiwongoladzanja chomwe mwapulumutsa. Koma ngongole sinachepe ngakhale ndi tambala.

Miyezi ija nayo si yotsimikizika. Akalemba kuti mpaka miyezi 30, mawu oti "mpaka" ndi omwe akulamula. Munthu amene wangofika kumene m'dziko, mbiri yake ya ngongole ikadali yaifupi, akhoza kupatsidwa miyezi yochepa. Ngakhale chiwongoladzanja chomwe amatsatsa, lamulo limangofuna kuti 51% ya omwe avomerezedwa alandire chimenecho, otsalawo akhoza kupatsidwa chokwera. Musanapemphe khadi, gwiritsani ntchito eligibility checker, yomwe imakuuzani mwayi wanu popanda kusiya chizindikiro chomwe mabanki ena angaone. Pempho lenileni limalembedwa ku Experian, Equifax kapena TransUnion, ndipo mapempho angapo motsatizana amaoneka ngati munthu wapanikizika. Dziwaninso kuti nthawi zambiri simungasamutse ngongole pakati pa makhadi a kampani imodzi.  Ndipo 0% ija imagwira pa zomwe mwasamutsa m'masiku oyambirira, kawirikawiri 60 kapena 90.

Tsopano tibwere pa chinthu chomwe chimagwetsa anthu, chomwe pa app chimalembedwa kuti available credit, ndalama zomwe mungathe kubwerekabe. Pa khadi latsopano zatsala £131 zokha. Ndi khadi lodzaza kuyambira tsiku loyamba. Mukagulirapo zakudya za mlungu umodzi ndi mafuta a galimoto yopitira ku mashifiti, mwadumpha limiti, ndipo kudumpha limiti kapena kuchedwa kulipira kamodzi kokha kukhoza kuthetsa 0% yonse ija, kuwonjezapo chindapusa cha mpaka £12. Ngakhale musadumphe, zogula pa khadi limeneli nthawi zambiri sizili pa 0%, zimayamba kubereka chiwongoladzanja. Khadi losamutsira ngongole malo ake ndi m'dilowa, osati m'chikwama.

Pa khadi lakale zinthu zatembenuka. Tinene kuti limiti yake inali £3,200. Dzulo mumatsegula app n'kuona £200. Lero mwatsegula, pakuoneka £2,500. Mtima umachita kuti myaa. Maso amaona ngati ndalama, chonsecho ndi dzenje lomwe mwangolifukula kumene, likudikira kudzazidwanso. Pamakhadi awiriwa tsopano mungathe kubwereka £2,631 pomwe dzulo munali ndi £200, malipiro anu ali omwe aja. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Pakatha chaka, munthu amapezeka ali ndi £2,000 pa khadi latsopano ndi £3,000 ina pa lakale, ndipo banki yachitatu siimulandiranso.

Ndipo tisanamizane kuti zimenezi zimachitika chifukwa atsikana amakonda nsapato ndi mawigi. Ambiri mwa ma sisi athu kunjako khadi limadzaza ndi maliro a kumudzi, fizi ya mng'ono wake, feteleza wa amayi, mankhwala a bambo, malata a nyumba yomwe ikumangidwa ku Area 25 kapena ku Chileka. Mwana wamkazi ndi amene amaimbiridwa foni. Achimwene ali ku Joni amatha kunena kuti zinthu sizili bwino n'kumveka, koma mtsikana akanena zomwezo amamva kuti wasintha, wayamba kudzimva chifukwa ali kwa azungu. Nde amatsegula app, akuona £2,500 ija, n'kutumiza. Chomwe sadziwa n'choti mabanki ambiri amawerengera kutumiza ndalama kunja ndi kirediti khadi ngati kutapa ndalama pa ATM: pali ndalama yodula pomwepo, chiwongoladzanja chake n'chokwera, ndipo chimayamba tsiku lomwelo.

Inu amene muli kuno, mawu awa ndi anu. Chemwali wanu akakutumizirani ndalama pa 20, mwezi usanathe, dzifunseni kuti zachokera kuti. Munthu amene akutembenuza nkhalamba usiku wonse pa malipiro otsikitsitsa ololedwa ndi lamulo, lendi ya chipinda chimodzi ikumudya theka la malipirowo, alibe chitsime cha mapaundi. Kumufunsa kuti kodi izi si zangongole, sikumunyoza ayi.

Alangizi a za ndalama ena amati musatseke khadi lakale, chifukwa kukhala ndi limiti yaikulu yomwe simukuigwiritsa ntchito kumakongoletsa mbiri yanu ya ngongole. Masamu ake ndi oona: £3,069 pa limiti ya £5,700 imaoneka bwino kuposa £3,000 pa £3,200. Koma malangizo amenewo analembedwera munthu amene foni yake siilira pakati pa usiku kuti agogo agonekedwa ku Queens. Ine ndimati malizani £700 yotsala ija msanga, chifukwa ndi yomwe ikubereka, kenako pemphani banki itsitse limiti kufika pa ndalama yomwe mungaibweze m'mwezi umodzi, kapena tsekani khadilo. Sikolo ya ngongole ikatsika pang'ono imakweranso. Ndipo mukauza abale kuti ndilibe, mukhala mukunena zoona.

Za kalipiridwe, musakhulupirire kandalama kochepetsetsa komwe banki imapempha pa mwezi. Pa khadi la 0% kamatha kukhala £25 yokha. Mukamalipira £25 kwa miyezi 18, mwapereka £450, ndipo tsiku lomwe 0% ikutha mwatsala ndi £1,919, yomwe iyamba kubereka pafupifupi £36 pa mwezi. Apo ndi pomwe banki imadyera, ndipo imadziwa kuti ambiri adzafika pamenepo. Gawani nokha: £2,369 pa miyezi 18 ndi £132 pa mwezi. Ikani direct debit ya ndalama imeneyo tsiku lotsatira malipiro, tsiku lothera 0% mulilembe pakhoma.

Tsopano nkhani yomwe yandipangitsa kulemba zonsezi pa tsamba la amayi osati la akaunti. Mabanki ena ku UK amalola kusamutsa ngongole ya munthu wina kubwera pa khadi lanu. Mumangolemba nambala ya khadi lake, basi. Ndipo pempho limabwera mokoma. "Bebi, mbiri yako ndi yabwino, ine andikana. Ingotenga khadi la 0% lija, tisamutse yangayi, ndizikupatsa mwezi ndi mwezi. Tikupulumutsa ndalama za banja lathu." Masamu ake ndi olondola, n'chifukwa chake kukana kumavuta. Munthu umaoneka ngati wouma mtima, kapena wosadziwa kuwerengera.

Koma taonani chomwe chachitika batani likangodinidwa. Ku UK kirediti khadi ilibe eni awiri. Pangano ndi la munthu mmodzi, amene anasaina. Ngongole ya mwamuna uja yalipidwa yonse, banki yake yamumasula. Ngongoleyo tsopano ndi yanu pamaso pa lamulo, ndi ndalama yosamutsira yomwe. Iye khadi lake layera, mbiri yake ikukwera, akhoza kubwerekanso mawa lomwe. Inu khadi lanu ladzaza, ndipo mukadzafuna ngongole ya galimoto kapena kontirakiti ya foni pa dzina lanu, ngongole ija ikuonekera pa inu. Akasiya kukupatsani ya mwezi ija, banki siimufuna iyeyo, siimudziwa n'komwe. Makalata abwera kwa inu. Akachedwa mwezi umodzi inu n'kusowa pogwira, 0% yatha, chizindikiro cha kuchedwa chikhala pa mbiri yanu zaka 6.

N'chimodzimodzi ndi kumupatsa khadi lachiwiri pa akaunti yanu. Dzina lake lilembedwa pa pulasitiki, koma chilichonse chomwe wagula wolipira ndinu. Ukwati pawokha suphatikiza mbiri zanu za ngongole kumeneko. Chomwe chimaphatikiza ndi akaunti kapena ngongole ya anthu awiri, ndipo mukasiyana n'kutseka zimenezo mukhoza kupempha mabungwe atatu aja kuti achotse dzina lake pa mbiri yanu. Atsikana ambiri sadziwa kuti mwayi umenewu ulipo.

Izitu si zachilendo kwa ife, zangovala jekete. Ndani sadziwa mayi amene anatenga ngongole ku banki m'khonde kapena ku bungwe lobwereketsa amayi, ndalama n'kupereka kwa bambo a kunyumba kuti akawonjezere mpamba wa kabaza, tsiku lobweza bambo aja osaoneka? Gulu likabwera kudzanyamula, limanyamula mapoto ndi matiresi a mayi, manyazi n'kugwera mayi. Obwereketsa amakonda akazi chifukwa timabweza, ndipo amuna ena anaziona kalekale kuti dzina la mkazi ndi khomo lolowera ku ndalama. Ku UK khomo lake ndi batani la pa foni.

Wina anena kuti m'banja mulibe zako ndi zanga, mukufuna kupasula mabanja inu a maufulu. Chabwino, tiyeni tiyese mawuwo. Ngati zonse ndi zathu, kodi iye angalole kuti ngongole yanu isamukire pa dzina lake? Mwaona ndi maso anu masitetimenti a khadi lakelo, mukudziwa kuti £4,000 inapita kuti? Ngati ndi kubetcha mpira pa foni, kuyeretsa khadi lake ndi kumugulira malo oti ayambirenso. Ndipo funso lomwe ine ndimaliona lalikulu: banki, yomwe ntchito yake tsiku ndi tsiku ndi kuyeza amene angabweze, yayang'ana mbiri yake n'kumukana. Inu mukudziwa chiyani chomwe iyo sinaone? Mwina mukudziwadi. Alipo amuna okhulupirika amene angofika kumene ndipo mbiri yawo ndi yaifupi chabe, sindikukana. Koma wokhulupirikayo mukamuuza kuti ayi, amakhumudwa tsiku limodzi n'kufunafuna njira ina. Amene amasiya kukulankhulani, kumenyetsa zitseko, kuimbira ankhoswe kapena kukukumbutsani amene analipira tikiti ya ndege, wakuonetsani mmene adzachitire tsiku lomwe mudzamufunse za £132 ya mwezi uno.

Tisaiwalenso kuti ufulu wokhala ndi ngongole pa dzina lako ndi wa dzulodzuloli. Ku UK, lamulo la Sex Discrimination Act lisanabwere mu 1975, banki inkatha kuuza mkazi wolandira malipiro ake kuti abwere ndi bambo ake kapena mwamuna wake adzasaine. Ku America lamulo lofanana nalo linabwera mu 1974. Agogo amene ma sisi athu akuwasambitsa m'nyumba zosamalira okalamba anakhalamo m'nthawi imeneyo ali akuluakulu kale. Dzina loyera ku banki ndi lomwe limalola mkazi kupeza chipinda chake tsiku lomwe waganiza zochoka. Mwamuna wankhanza amadziwa zimenezi bwino lomwe, n'chifukwa chake kudzaza makhadi a mkazi ndi njira imodzi yomumangira pakhomo popanda chingwe. Kwa amene ali pa viza yomwe siilola kulandira thandizo la boma, chingwecho chimathina kawiri.

Malamulo anayamba kuzitchula dzina zimenezi. Domestic Abuse Act ya 2021 ku England ndi Wales imawerengera nkhanza za chuma ngati nkhanza za m'banja, ndipo kulamulira ndi kukakamiza mnzako wa pachibwenzi kapena m'banja ndi mlandu kuyambira 2015. Kwathu kuno lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 limatchulanso nkhanza za chuma, ngakhale ambirife timangoganiza za zibakera tikamva mawu oti nkhanza. Kukukakamizani kusaina, kutenga khadi pa dzina lanu inu osadziwa, kukuopsezani mpaka mutadina batani lija, zonsezi zili m'gulu limenelo.

Ngati zinakuchitikirani kale, musakhale chete ndi makalata osatsegula pansi pa bedi. Yambani ndi kuona mbiri yanu ya ngongole ku mabungwe atatu aja, n'kwaulere, kuti mudziwe zonse zomwe zili pa dzina lanu. Sinthani mapasiwedi a banki ndi a imelo. StepChange, National Debtline ndi Citizens Advice amapereka uphungu wa ngongole osalipiritsa, ndipo bungwe la Surviving Economic Abuse limagwira ntchito pa nkhanza za mtundu umenewu. Ku England ndi Wales mlangizi wa ngongole akhoza kukulembetsani pa Breathing Space, yomwe imaimitsa chiwongoladzanja, zindapusa ndi kulondolalondola kwa masiku 60 kuti mupume n'kukonza dongosolo. Uzaninso banki yanu poyera kuti munakakamizidwa. Mabanki akuluakulu ali ndi anthu ophunzitsidwa za nkhani zotere, ndipo zomwe mwanena zimalembedwa. Sindikulonjeza kuti ngongoleyo aifafaniza, koma sangaganizire chomwe simunawauze. Chenjerani ndi makampani a pa Facebook ndi TikTok olonjeza kufufuta ngongole mukawalipira kaye. Thandizo lenileni ndi laulere.

Ndipo ngati mwamunayo mumamukondadi ndipo mukufuna kumuthandiza, njira ilipo yosapereka dzina lanu. Khalani naye pansi, masitetimenti ali patebulo. Ayese yekha eligibility checker, chifukwa alipo makhadi osamutsira ngongole a anthu a mbiri yofooka, a miyezi yochepa. Aimbire yekha StepChange. Inuyo ngati muli ndi £50 kapena £100 yomwe mungaitaye osalira, ilipireni molunjika ku khadi lake kuchokera ku akaunti yanu, mwezi womwe mwafuna. Mwezi womwe zavuta, kapena tsiku lomwe mwaona kuti khadi lija layambanso kudzaza, mumangosiya, ndipo kalata ya banki ipita kwa mwini wake.